Mutu 7: Madzi Akabiriwira Mopitirira Muyeso

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la kunyanja silinyengerera munthu. Ku Liwaladzi, pamsewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, timitsinje timaphwa, m'madambo mumatsala zithaphwi zokha, ndipo madzi amene apulumuka amangoti duu, ofunda usana ndi usiku womwe. Nyengo imeneyi mlimi wa nsomba amatha kulawirira kudziwe kwake n'kupeza pamwamba pa madzi payala chinthu chobiriwira, ngati wina wakhuthulirapo chitini cha penti. Kamphepo kakachikankhira kungodya imodzi chimaunjikana n'kuyamba kununkha, ndipo chimene chaumira pamatope a m'mbali chimasiya mzere wotuwa wopita kubuluu. Makumba ali pamwamba, kukamwa yasa, kupuma mwabefu. Ena amangoti ndere zachuluka. Ena amayamba kuwerenga anansi amene anayambana nawo, poganiza kuti wina wathira tameki usiku. Kawirikawiri sipakhala munthu amene anabwera usiku. Chinthucho chinali m'madzimo kale, ndipo amene anachidyetsa mpaka kuchuluka chotero ndi mwini dziwe yemwe.

Ndere zilipo za mitundumitundu, ndipo zambiri n'zothandiza: ndizo chakudya cha tizilombo tating'ono ta m'madzi timene usipa ndi ana a nsomba amakulira. Koma izi zimene zimayala pamwamba akatswiri amazitcha cyanobacteria. Ndi mabakiteriya ndithu, osati zomera, ngakhale ali ndi luso la zomera lodzipangira chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Pambali pa utoto wobiriwira umene umapezekanso m'masamba, iwo ali ndi utoto wina wabuluu, ndipo umaonekera bwino akafa n'kuuma. Kamodzi kokha sikaoneka ndi maso. Chimene timaona ndi mamiliyoni osawerengeka atagwirana.

Tisafulumire kuzitukwana nderezi. Dziko lisanakhale ndi mtengo ngakhale umodzi, izo ndizo zinayamba kutulutsa mpweya wa okosijeni, ndipo zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo mpweyawo unayamba kuunjikana mumlengalenga. Ngakhale tizigawo tobiriwira ta m'tsamba la chinangwa tinachokera kwa makolo a cyanobacteria amene kalekale anakhazikika m'kati mwa zamoyo zina. Ku Nyanja ya Chad, amayi a mtundu wa Kanembu amatunga mtundu wina wa nderezi, amaumika pamchenga n'kumathira m'ndiwo. Ndi womwewo umene masiku ano umagulitsidwa m'mabotolo pa dzina la spirulina. Ku Vietnam ndi ku China alimi a mpunga akhala akuweta kachomera koyandama kotchedwa Azolla kwa zaka mazana ambiri, chifukwa m'timasamba take mumakhala cyanobacteria wopanga manyowa. Alimi a mpunga a kusikimu ya Bua angamve bwino phindu la feteleza wosagula.

Vuto limabwera pamene nderezi zalanda madzi onse, ndipo zili ndi zida zolandira. Mitundu yambiri ili ndi timatumba ta mpweya m'kati mwake, motero imatha kukwera pamwamba kukalandira dzuwa n'kutsikanso kukatenga chakudya pansi. Ikayala pamwamba imatchingira kuwala ndere zina zonse. Mitundu ina, monga Anabaena, imatenga nayitirojeni kumpweya, monga zimachitikira m'mizu ya nandolo ndi soya, choncho imangofuna fosiforasi basi kuti iswane pamene ndere zinzake zikufa ndi njala. Zimakondanso kutentha: madzi akapitirira madigiri 25 zimakula msanga kuposa ndere zambiri. Ndipo popeza n'zoterera, zina n'zapoizoni, tizilombo todya ndere timazilambalala. Madzi ofunda, osayenda, okhuta manyowa: zitatuzi zikakumana, kaya ndi m'galasi la pabalaza, m'dziwe la kudimba kapena pagombe la nyanja, zotsatira zake n'zimodzimodzi.

Tiyambe ndi galasilo, poti ndi laling'ono ndipo zonse zimaonekera poyera. M'mudzi wa asodzi, munthu woweta nsomba kuti azingozipenya angamuseke, pakuti nsomba ndi ndiwo. Komabe nsomba za nyanja yathu zimasambira m'magalasi a m'nyumba ku Germany, ku America ndi ku Japan. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankagwira mbuna ndi nsomba zina zokongola n'kumazitumiza kunja pandege kuchokera ku Kambiri Point ku Senga Bay. Imodzi mwa nsomba zimene azungu amazikonda, yachikasu yotchedwa Aulonocara baenschi, kwawo ndi kumiyala ya Nkhomo kufupi ndi Benga, m'boma la Nkhotakota lomweli. Magalasi otere akupezekanso m'mahotela ndi m'nyumba zina ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo eni ake amakumana ndi ndere zomwezi.

M'galasi sizikonda kuyandama. Zimayala pamchenga, pamiyala ndi pamasamba, zoterera, zobiriwira modera, nthawi zina zofiirira kapena zakuda. Mukazikanda ndi chala zimasendeka chonse chamtunthu, ndipo zimasiya fungo la matope m'manja. Mukazichotsa m'mawa, pofika mawa lake zabwereranso. Chimene chimaziitana sichisowa: chakudya chotsala chimene chavunda pansi, nsomba zochuluka m'madzi ochepa, galasi loikidwa pawindo pamene dzuwa limawomba, sefa yotsekeka ndi zinyalala, ndi ngodya zimene madzi sayenda. Kwathu kuno onjezanipo kuzimazima kwa magetsi, pakuti pampu ikaima maola angapo madzi onse amasanduka chithaphwi.

Kuchiza kwake n'kwa manja ndi kudekha. Mumayamwa nderezo ndi kapaipi, pamodzi ndi zinyalala za mumchenga, n'kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo. Madzi atsopano akhale ofunda mofanana ndi akalewo, ndipo ngati ndi apampopi ayambe achotsedwa kolorini. Sefa itsukidwe m'madzi ochokera m'galasi momwemo, osati apampopi, kuopa kupha mabakiteriya abwino amene amasungunula ndowe za nsomba. Kenako muzimitse nyali n'kufunditsa galasi lonse ndi bulangeti kwa masiku atatu kapena anayi, osasuzumira, osadyetsa, koma pampu ya mpweya izigwirabe ntchito. Nsomba zazikulu sizifa ndi njala ya masiku anayi. Nderezo popanda kuwala zimafooka kwambiri. Mukavundukula, yamwaninso zakufazo ndi kusinthanso madzi.

Ena amathamangira mankhwala a erythromycin, ndipo n'zoona kuti amapha nderezi, poti ndi mabakiteriya. Ine sindingamulangize munthu njira imeneyo. Mankhwalawo akhoza kusokoneza mabakiteriya abwino aja, madzi ake mukawataya amathandiza kuti tizilombo toyambitsa matenda tizolowere mankhwala amene chipatala chimadalira, ndipo chimene chinadyetsa nderezo chimakhala chikadali momwemo. Pakatha milungu ingapo mumayambiranso.

Dziwe la nsomba ndiye lili ndi nkhani yovutirapo, chifukwa kumeneko madzi obiriwira timachita kuwafuna. Ulimi wa nsomba m'maiwe unayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ku Nchenachena m'boma la Rumphi ndi ku Domasi m'boma la Zomba, ndipo kuyambira nthawi imeneyo uphungu wa alangizi ndi umodzi: thirani manyowa kuti madzi abiriwire. Uphunguwo ndi woona. Makumba ndi chambo zimasefa ndere m'madzi, ndipo dziwe la madzi oyera mbee ndi dziwe la njala. Chilunguni chokha ndicho chimakonda masamba ndi udzu. Koma mlimi akaona kuti zitosi za nkhuku zakulitsa nsomba, mtima umamuuza kuti akathira kawiri zikulanso kawiri. Amawonjezanso gaga, wambiri kuposa amene nsomba zingathe, ndipo wotsalayo amamira n'kukavunda pansi. Dzuwa likamaphwetsa madzi, manyowa omwe aja amatsala m'madzi ochepa.

Muyeso wake alangizi amauphunzitsa popanda chida chilichonse. Pisani mkono m'madzi chikhato chitatambasuka. Ngati chikhatocho chikuzimiririka madzi akafika cha m'chigongono, pamasentimita 30 kapena kupitirirako pang'ono, dziwe lili bwino. Ngati chikuonekabe mkono wonse utalowa, manyowa achepa. Koma chikasowa madzi asanafike n'komwe pakati pa mkono, lekani kuthira chilichonse. Kuti mudziwe mtundu wa ndere, tengani ndodo muipise pamene zaunjikana. Ikatuluka itakoka zingwezingwe zobiriwira, zimenezo ndi ndere wamba. Ikatuluka itangopakika utoto, kayikirani. Mukhozanso kutunga madziwo m'botolo loonekera, n'kuliika pamthunzi pozizira usiku wonse: ndere wamba zimakonda kudikha pansi, pamene cyanobacteria ambiri amakwera n'kupanga mkombero pakhosi pa botolo. Njirazi zimangosonyeza mtundu. Sizinena ngati muli poizoni kapena ayi. Zimenezo zimafuna labotale.

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti chimene chimapha nsomba m'dziwe lotere, nthawi zambiri, ndi kubanika osati poizoni. Masana ndere zimatulutsa okosijeni wochuluka zedi. Dzuwa likalowa zimaleka, n'kuyamba kupuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba ndiponso mabakiteriya amene akuvunditsa gaga pansi. Usiku ukamapita mpweya umanka nuchepa, ndipo umafika pochepetsetsa m'bandakucha. N'chifukwa chake nsomba zimapezeka zikupuma pamwamba tambala atangolira kumene, koma dzuwa likakwera zimatsika ngati palibe chinachitika. Mlimi wofika kudziwe pa 9 koloko sadziwa kuti nsomba zake zinagona ndi imfa. Tsiku loopsa ndi la mitambo yotsatizana, kapena pamene mvula yoyamba yagwa mwamphamvu n'kuvundula madzi apansi opanda mpweya. Nderezo zimatha kufa zonse nthawi imodzi, madzi n'kusanduka ofiirira, ndipo kuvunda kwake kumamaliza mpweya wotsala. Nsomba zikuluzikulu, zimene mlimi amayembekezera kugulitsa, ndizo zimayamba kutembenuka.

Zikafika apa, choyamba n'kusiya kuthira manyowa ndi gaga kwa masiku angapo. Zimene mphepo yaunjika pangodya ziwoledwe ndi beseni kapena nsalu, n'kukazikwirira m'dzenje kutali ndi ziweto. Ngati pali ngalande, lowetsani madzi atsopano, akale atulukire pamwamba pamene pali nderezo. Koma asapite kumtsinje kumene anthu amatunga kapena kuviika chinangwa cha kondowole. M'bandakucha, kuvundula pamwamba pa madzi ndi nsungwi kapena kuwatunga ndi ndowa n'kumawakhuthulira momwemo kuchokera m'mwamba kumapatsako nsomba mpweya. Nsomba zikachulukitsa, ndi bwino kukolola zina zikadali zamoyo kusiyana n'kudzazitola zitafa. Mankhwala ophera ndere, monga a kopa, ndi msampha: ndere zikafa nthawi imodzi zimaphulika, poizoni yense amene anali m'kati amatayikira m'madzi, ndipo mpweya umatha. Mukakolola zonse, phwetsani dziwe liume mpaka matope ang'ambike, ndipo matope akudawo mukawathire kumunda, pakuti fosiforasi wa zaka zonse amagona mmenemo kudikira chaka chamawa.

Za poizoni nazo si nthano. M'chaka cha 1878, katswiri wina dzina lake George Francis analemba za nkhosa, akavalo, agalu ndi nkhumba zimene zinafa zitamwa madzi obiriwira a Nyanja ya Alexandrina ku Australia, ndipo lipoti lake limatengedwa kuti ndilo loyamba la sayansi pankhaniyi. Poizoni wofala kwambiri ndi microcystin, amene amapangidwa ndi mitundu monga Microcystis, ndipo amawononga chiwindi. Poizoni wina amagwira minyewa, chiweto n'kufa pasanathe maola ochepa. Mu 1996 ku Caruaru m'dziko la Brazil, odwala impso oposa 50 anamwalira chifukwa madzi a m'makina otsukira magazi awo anali ndi microcystin. Mu Ogasiti 2014 anthu pafupifupi 400,000 a mumzinda wa Toledo ku America anauzidwa kuti asamwe madzi apampopi kwa masiku atatu, ndere zitayala pa Nyanja ya Erie. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa kudera la Okavango ku Botswana, ndipo boma la dzikolo linati zinamwa madzi a m'zithaphwi zokhala ndi poizoni wa nderezi. Chakumapeto kwa 2024 zipembere zinayi, mbidzi ndi nyama zina zinafa pa Nyanja ya Chivero, imene imamwetsa mzinda wa Harare ndipo imalandira zonyansa za m'masuweji a mzindawo. Bungwe la WHO linaika malire akuti m'lita imodzi ya madzi akumwa tsiku ndi tsiku musapitirire mayikirogalamu imodzi ya microcystin, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasemphana ndi zimene tinaphunzira pa kolera. Mliri wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa tonse kuwiritsa madzi ndi kuthira kolorini, ndipo pa kolera njirazo zimapulumutsa moyo. Koma microcystin saphwanyika ndi kuwiritsa kwa pamoto wa kukhitchini. Kuwiritsako kumangophulitsa nderezo, ndipo madzi akamaphwa poizoniyo amatsalira mumphika. Kolorini wa pakhomo nayenso sitingamudalire pa madzi obiriwira chotere. Madzi oyala ndere ndi ongowasiya, n'kupita kumjigo ngakhale uli kutali. Ana asasambemo, chifukwa amatuluka ziwengo, maso amafiira, ndipo akameza amatsegula m'mimba ndi kusanza. Ng'ombe ndi mbuzi zimwetsedwe kwina. Izo zimamwa m'mphepete, pamene mphepo yaunjika nderezo. Agalu ndiwo amafa msanga, poti akatuluka m'madzi amadzinyambita. Nsomba yopezeka itafa kale isadyedwe. Yogwidwa yamoyo itumbulidwe bwino, matumbo ndi chiwindi zitayidwe, chifukwa poizoni amaunjikana mmenemo kuposa mumnofu. Fungo la matope limene nthawi zina limamveka m'nsomba za m'dziwe limachokeranso ku nderezi. Lokhalo silipha, koma pamsika limagwetsa mtengo.

Nanga nyanja yaikuluyi? Nyanja ya Malawi ndi imodzi mwa nyanja za madzi oyera kwambiri, ndipo chifukwa chake n'choti madzi ake apamwamba ali ndi manyowa ochepa. Pozama pake pamafika mamita pafupifupi 700, ndipo kupyola mamita 200 kapena kuposerapo pang'ono kulibe okosijeni. Manyowa ambiri amamira n'kutsekeredwa kumeneko. Mwera ukawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo madzi ozizira apansi amakwera chakumwera atanyamula manyowa. Ndere zabwino zimaswana, tizilombo timadya, usipa ndi utaka zimakhuta. Cyanobacteria alimonso, ndipo akhalamo kuyambira kale. Ena amamera pamiyala pamene mbuna zimabudula, ena amayandama, makamaka nyanja ikadekha m'miyezi yotentha ndi ya mvula.

Chimene chasintha ndi kumtunda. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji, n'kudutsa m'minda ya chimanga ndi fodya ya m'chigawo chapakati, kenako m'nkhalango ya Nkhotakota, usanathire m'nyanja kumwera kwa Liwaladzi. Dwangwa umachokera ku Kasungu. Linthipe umatenga madzi a Lilongwe ndi Dedza n'kukathira ku Salima. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo, mitsinjeyi imafiira, ndipo fosiforasi amayenda atakakamira ku dothi lokokolokalo. Feteleza wa NPK ndi yuriya wothiridwa mvula yamkuntho ili pafupi, minda ya nzimbe, mpunga ndi chimanga yolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, zimbudzi zosefukira, sopo wochapira pagombe, ngakhale phulusa la malupsa limene mphepo imagwetsera panyanja: zonsezi ndi chakudya cha ndere. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a pulojekiti ya SADC ndi GEF, amene anali ndi malo awo ku Senga Bay, pakati pawo Harvey Bootsma ndi Robert Hecky, anayeza madzi a mitsinje ndi a nyanjayi. Anapeza kuti mitsinje yodutsa m'madera olimidwa kwambiri imabweretsa dothi ndi manyowa ochuluka kuposa yochokera m'nkhalango, ndipo anachenjeza kuti fosiforasi akapitiriza kuchuluka, amene adzapindule ndi cyanobacteria.

Chenjezolo silinali lolota. Hecky yemweyo anafufuzanso Nyanja ya Victoria, imene m'zaka za m'ma 1960 inali ndi ndere zabwino zambiri, koma pofika m'ma 1980 cyanobacteria anali atalanda malo, madzi atachita chimbuuzi, ndipo mpweya wa pansi utachepa. Victoria ndi yosazama poyerekeza ndi yathu, choncho inadwala msanga. Kuzama kwa Nyanja ya Malawi kumatiteteza kwa kanthawi, koma kuli ndi mbali yake yoipa. Nyanjayi ili ndi khomo limodzi lokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, kusiya m'mbuyo zonse zimene anabwera nazo. Kuti Shire atulutse madzi ofanana ndi onse a m'nyanjayi pangafunike zaka mazana angapo. Mwini galasi amasintha madzi Loweruka limodzi, mwini dziwe amaphwetsa pakatha nyengo, koma nyanja ilibe woiphwetsa.

Kumene vutoli limayambira kuonekera si pakati pa nyanja ayi, koma m'malo osazama ndi obisika kumphepo: pamathiriro a mitsinje, m'madambo a m'mphepete, ndi m'nyanja zing'onozing'ono monga Chia, kumwera kwa boma la Nkhotakota. Bango, gumbwa ndi udzu wa m'malo amenewa zimagwira dothi ndi kumwa manyowa madzi asanalowe m'nyanja, ndipo pamene zatenthedwa kapena kulimidwa, madzi ofiira amangodutsa. Oyamba kuona kusintha ndi asodzi obwera kuchilimira m'mawa ndi amayi otsuka mbale pagombe. Akaona madzi ayala zobiriwira, kapena nsomba zambiri zitafa popanda chifukwa chodziwika, nkhaniyo ipite kukomiti ya pagombe, ya BVC, ndi kwa alangizi a zausodzi tsiku lomwelo. Wina atunge madziwo m'botolo loyera osawakhudza ndi manja, alitseke, aliike pozizira, ndipo alembe tsiku, malo ndi mphepo imene inkawomba. Nderezi zimatha kubalalika pa maola ochepa mphepo ikatembenuka, ndipo woyeza akafika mochedwa amangopeza madzi oyera.